Ziro Wakutsogolo Amathera Kuti?

Ndikulankhula makamaka ndi inu amene ntchito yanu ndi yolemba ndi kusunga mayina a anthu: alembi a m'makopaletivi, owerengera ndalama, osunga kaundula m'zipatala ndi m'sukulu, ndi inu achinyamata amene mumazungulira m'midzi ndi tabuleti m'manja kulemba mabanja. Lero tikambirana za ziro. Ndikunena ziro uja amene amakhala kutsogolo kwa nambala ya foni, uja amene mumayamba naye mukamatchula 099 ya Airtel kapena 088 ya TNM. Ziro ameneyu amasowa kawirikawiri pamene mndandanda ukuchoka mu database kupita mu fayilo, ndipo akasowa amavutitsa anthu amene kompyuta sanaikhudzepo n'komwe.

Tiyerekeze kuti kopaletivi yagula soya kwa alimi 800 ndipo iwalipira kudzera pafoni. Mayina ndi manambala onse ali mu database, olembedwa bwinobwino. Mlembi akutulutsa mndandandawo mu fayilo ya CSV, mnzake wa ku akaunti akuitsegula kuti aone ngati ndalama zikugwirizana, akukonza dzina limodzi lolakwika, akuseva, n'kutumiza kumene kukachokere malipiro. Yankho likubwera lakuti manambala si olondola, ali ndi madijiti 9 m'malo mwa 10. Palibe amene waba, palibe amene wachita ulesi. Koma mlimi amene anabwereka ndalama ya thiransipoti podalira kuti alandira Lachisanu adikira mpaka sabata yamawa, ndipo amene atukwanidwe ndi mlembi.

Gwero la vutoli ndi lakuti manambala amene timalemba ali a mitundu iwiri, ngakhale maonekedwe ake ndi amodzi. Ena ndi owerengera: matumba 45, makwacha 70,000, ana 6. Amenewa mutha kuwaphatikiza, kuwachotsera, kuwagawa, ndipo ziro kutsogolo kwake alibe ntchito, matumba 045 ndi matumba 45 omwewo. Ena ndi ozindikiritsa: nambala ya foni, ya akaunti ya kubanki, ya wodwala, ya membala, ya lisiti. Palibe munthu amene anaphatikizapo manambala a foni a anthu awiri n'kupeza yankho latanthauzo. Pa manambala oterewa chilembo chilichonse ndi chofunika, ndipo 00457 ndi 457 atha kukhala anthu awiri osiyana. Munthu amaona kusiyana kumeneku mosavuta. Kompyuta siona pokhapokha itauzidwa.

Mu database muli malo oiuzira. Kolamu iliyonse imakhala ndi mtundu wake: iyi ndi ya manambala owerengera, iyi ndi ya malemba, iyi ndi ya madeti. Fayilo ya CSV ilibe malo otero. Dzina lake lonse ndi comma-separated values, kutanthauza zinthu zolekanitsidwa ndi mpatuliro, ndipo ndi zokhazo zimene zilimo: mizere ya zilembo, mpatuliro pakati, basi. Ena amalekanitsa ndi tab kapena chizindikiro china, koma nkhani ndi yomweyo. Chikalata chimene anthu ambiri amatsatira pa kalembedwe ka mafayilowa ndi RFC 4180, cha mu 2005. Chimafotokoza mmene mizere ithere, ndi mmene mungatchingire mawu ndi mitengero ngati mkati mwake muli mpatuliro. Sichipereka njira iliyonse yonenera kuti kolamu yachitatu ndi nambala ya foni, musaisinthe. Choncho zonse zimene database inkadziwa za mtundu wa kolamu zimatsala m'mbuyo, ndipo pulogalamu yolandira fayiloyo imangoganizira yokha.

Kuganizira kumeneku ndi kumene kumadya ziro. Pa makompyuta ambiri a m'maofesi, mukadina kawiri pa fayilo ya CSV imatseguka mu Excel. Excel ikaona kabokosi kamene muli madijiti okhaokha imati iyi ndi nambala yowerengera, ndipo poti nambala yowerengera siyamba ndi ziro, imamuchotsa. Imachita zimenezi pofuna kuthandiza, ngati mwana wakhama amene wauzidwa kusesa pabwalo n'kusesera limodzi mbewu imene inayanikidwa. Kwa wowerengera ndalama khalidwe limeneli ndi labwino, chifukwa amafuna kuphatikiza manambala akangotsegula. Kwa wosunga kaundula ndi tsoka.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amakangana pachabe. Nthawi imene mwangotsegula fayilo n'kuona kuti ziro palibe, fayiloyo imakhala isanawonongeke. Ziro akadalimo. Chimene chasintha ndi zimene Excel ikukuonetsani. Kuwonongeka kumachitika mukadina Save, chifukwa pamenepo Excel imalemba mu fayilo zimene ikuonetsazo, n'kufufuta zakale. Ndiye musanaimbire foni wa IT kumuuza kuti database yake ndi yakufa, chitani ichi: tsekani Excel osaseva, dinani batani lakumanja la mouse pa fayiloyo, sankhani Open with, kenako Notepad. Notepad siganizira kanthu, imangoonetsa zilembo mmene zilili. Mukamuona ziro mmenemo, ndiye kuti wotulutsa fayilo anagwira ntchito yake bwino, vuto lili pa katsegulidwe. Mukapanda kumuona, ndiye kuti anatayika kale, mwina mu database momwemo, mwina potulutsa, mwina m'manja mwa wina amene anaseva fayiloyo isanafike kwa inu. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi imodzi, ndipo ine ndimaona kuti kukanaphunzitsidwa kwa mlembi aliyense tsiku loyamba la ntchito, milandu yambiri ya m'maofesi ikanatha isanayambe.

Wina anena kuti: nanga bwanji tingolemba manambala a foni moyamba ndi 265, ziro asakhalepo n'komwe? Maganizowo ndi abwino, ndipo kalembedwe ka dziko lonse kotchedwa E.164 kamafuna zomwezo, khodi ya dziko kutsogolo, ziro wa m'dziko osalembedwa. Koma dziwani kuti 265 mukaiphatikiza ndi madijiti 9 otsalawo zimakwana 12, ndipo Excel ikaona nambala ya madijiti 12 kapena kuposerapo imaifupikitsa m'kalembedwe ka asayansi. Mumaona zinthu ngati 2.65991E+11. Mukaseva fayilo ya CSV zili choncho, zimene zilembedwe ndi zomwezo, ndipo madijiti akumapeto onse apita. Kutaya ziro n'kwabwinoko, chifukwa mumadziwa chimene chasowa. Apa simungadziwenso kuti nambala inali ya yani. Chizindikiro cha kuphatikiza chija, chimene timalemba patsogolo pa 265, nachonso Excel imachichotsa. Palinso malire ena: Excel imasunga madijiti 15 okha a nambala yowerengera. Nambala ya khadi la kubanki imakhala ndi madijiti 16, ndiye dijiti yomaliza imasanduka ziro mwakachetechete. Anzathu a ku Zambia ali m'vuto lomweli, poti manambala awo ambiri amayamba ndi 097, 096 kapena 095, ndipo akaika 260 kutsogolo nawonso amakwana madijiti 12.

Nkhaniyi siithera pa mafoni. Amene mumagwira ntchito ya kasitomu mukudziwa makhodi a katundu a Harmonized System, amene bungwe la World Customs Organization limayang'anira, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 1988. Mitu 9 yoyambirira ya makhodiwa imayamba ndi ziro, ndipo mmenemo ndi mmene muli zambiri zimene timalima. Fodya ali pa 2401, shuga pa 1701, amenewo ziro sawakhudza. Koma tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje ali pa 0902, khofi pa 0901, nandolo ndi nyemba zouma pa 0713, makademiya pa 0802. Tengani khodi ya tiyi, muchotse ziro. Yatsala ikuyamba ndi 90, ndipo mutu 90 ndi wa zipangizo zoyezera, magalasi ndi zida za kuchipatala. Wopanga lipoti la malonda akapanda kusamala, tiyi wathu awerengedwa pamodzi ndi zida za madokotala, ndipo chiwerengero cha zimene dziko latumiza kunja chisokonekera popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Cholakwa chotere n'choopsa kuposa cha nambala ya foni, chifukwa nambala ya foni yoperewera imakanidwa, pamene khodi yoperewera itha kulandiridwa ngati khodi ya chinthu china.

Abale athu amene ali ku South Africa amakumana nazo m'njira yawo. Makhodi a positi a ku Pretoria amayamba ndi maziro, monga 0001 ndi 0002. Nambala ya chiphaso cha kumeneko ili ndi madijiti 13 ndipo imayamba ndi madijiti awiri omaliza a chaka chobadwa, choncho aliyense wobadwa pakati pa 2000 ndi 2009 nambala yake imayamba ndi ziro. Anthu amenewa ndi amene akulowa ntchito ndi kutsegula maakaunti masiku ano. Ku America nako makhodi a positi a ku Boston ndi madera oyandikana nawo amayamba ndi ziro, ndipo vutoli akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri.

Ngakhale akatswiri a sayansi sanapulumuke ku khalidwe la Excel longoganizira. Mu 2016 ofufuza a ku Australia anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Genome Biology, woonetsa kuti pafupifupi pepala limodzi mwa mapepala asanu aliwonse a sayansi okhala ndi mindandanda ya majini mu Excel linali ndi mayina osinthika. Jini yotchedwa MARCH1 inkasanduka deti la 1 Malichi, SEPT2 inkasanduka 2 Seputembala. Mu 2020 komiti imene imapereka mayina a majini a munthu inafika posintha mayina ena, MARCH1 inakhala MARCHF1, SEPT1 inakhala SEPTIN1. Ndipo mu 2023 kampani ya Microsoft inawonjezera mu Excel ya Microsoft 365 malo ozimitsira kusintha kumeneku. Mukalowa ku File, Options, Data, mupeza gawo la Automatic Data Conversion, pamene mungachotse chizindikiro pa kufufuta maziro akutsogolo, pa kudula manambala aatali, ndi pa kusandutsa malemba kukhala madeti. Ngati Excel yanu ili nalo gawo limeneli, kalikonzeni lero. Koma musadalire zimenezi zokha. Zimateteza kompyuta yanu yokha, ndipo Excel yakale, monga ya 2013 kapena ya 2016, ilibe gawoli.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mumapanga ma database ndi mafomu, chifukwa udindo woyamba ndi wanu. Nambala yozindikiritsa isungidwe ngati malemba, VARCHAR kapena TEXT, osati INTEGER. Mukaiika mu kolamu ya INTEGER ziro amafa pa nthawi yolemba, ndipo palibe luso lotulutsira fayilo limene lingamudzutse. Ogwiritsa MySQL ena ankadalira ZEROFILL, imene imaonetsa maziro pamene mu kolamu mulibe. Kuyambira pa MySQL 8.0.17 eni ake analengeza kuti njira imeneyi ikusiyidwa, ndipo anachita bwino, chifukwa inkangophimba vuto. Inu amene mumapanga mafomu a KoboToolbox kapena ODK, funso la nambala ya foni musalipatse mtundu wa integer chifukwa chongofuna kuti pa tabuleti patuluke mabatani a manambala. Lipatseni mtundu wa text, pa appearance mulembe numbers. Mabatani a manambala atuluka chimodzimodzi, ziro asungika, ndipo mutha kuika lamulo lakuti madijiti akhale 10 ndipo oyamba akhale ziro, kuti cholakwa chigwidwe wolembayo akadali pakhomo pa mwini nambala.

Potulutsa fayilo, uzani pulogalamu kuti itchinge makolamu a malemba ndi mitengero. Mu PostgreSQL lamulo la COPY lili ndi FORCE_QUOTE, ndipo mapulogalamu ena ali ndi zofanana nazo. Kuchita zimenezi n'koyenera, chifukwa mapulogalamu ena amalemekeza mitengeroyo akauzidwa. Koma pali chinthu chimene chimakhumudwitsa ambiri: Excel, mukaitsegulira fayilo podina kawiri, siisamala mitengero. Imaichotsa, n'kuona madijiti okhaokha, n'kudya ziro monga mwa nthawi zonse. Ambiri amataya tsiku lonse akusintha katulutsidwe ka fayilo, pamene fayiloyo inali yabwino kuyambira m'mawa.

Njira yoyenera ndi kusatsegula CSV podina kawiri. Yambani mwatsegula Excel yopanda kanthu, pitani ku Data, sankhani From Text/CSV (mu Excel yatsopano), lozani fayilo yanu, kenako dinani Transform Data. Mmenemo muone kolamu ya mafoni kapena ya makhodi. Ngati Excel yaiganizira kale kukhala nambala, fufutani sitepe yotchedwa Changed Type kapena muisinthe kuti kolamuyo ikhale Text, kenako mulowetse. Chofunika n'chakuti mtundu usankhidwe deta isanalowe. Kusintha kolamu kukhala Text ziro atapita kale sikubweza kanthu. Amene mumagwiritsa LibreOffice Calc muli ndi mwayi, chifukwa iyo imakufunsani nthawi iliyonse mukatsegula CSV, ndipo mutha kudina pa kolamu n'kusankha Text, kapena kuiuza kuti zonse zotchingidwa ndi mitengero izitenge ngati malemba. Google Sheets polowetsa fayilo ili ndi kabokosi kofunsa ngati isandutse malemba kukhala manambala ndi madeti, chotsanipo chizindikiro. Olemba mapulogalamu mu Python ndi pandas, read_csv nayo imaganizira yokha, ndiye ipatseni dtype=str pa makolamu amenewa.

Pali njira zachidule zimene zimayenda m'maofesi, ndipo maganizo anga pa izo ndi awa. Ena potulutsa fayilo amalemba chizindikiro cha kufanana, kenako nambala mkati mwa mitengero, kuti Excel iione ngati fomula yotulutsa malemba. Zimathekadi, ziro amaoneka. Koma fayiloyo mwaipangira Excel yokha. Mukaipereka ku pulogalamu ya banki kapena ku database ina, chizindikiro chija chilowa ngati mbali ya nambala, ndipo mwathetsa vuto limodzi poyambitsa lina. Ena amaika nkhodolero kutsogolo kwa nambala. Njira imeneyi imathandiza mukamalemba nokha m'kabokosi ka Excel, koma mu fayilo ya CSV nkhodoleroyo imangokhala chilembo choonjezera chimene wina adzavutike kuchichotsa. Enanso amaika chilembo kutsogolo kwa nambala ya membala, monga M00457. Iyi ndiyo ndimaivomereza, koma pokhapokha ikaganiziridwa pachiyambi, pamene bungwe likukonza manambala ake. Nambala yoyamba ndi chilembo palibe pulogalamu imene ingaiyese yowerengera. Amene mukuyambitsa kaundula watsopano, ganizirani zimenezi musanasindikize makhadi.

Funso limene wotumiza fayilo ayenera kudzifunsa ndi lakuti: kodi aiwerenge ndi munthu kapena makina? Ngati ndi munthu, mkulu wa ofesi amene akufuna kuona mndandanda, mtumizireni fayilo ya xlsx imene makolamu ake munawaika kale kukhala Text. Fayilo ya xlsx imakumbukira mtundu wa kabokosi kalikonse, ndipo adzaitsegula mmene akufunira popanda kuwononga. Ngati ndi makina, tumizani CSV yoyera, yopanda njira zachidule zija, ndipo pasapezeke munthu woitsegula ndi kuiseva panjira. Wofuna kuiona apange kope n'kuona kopeyo. Cholakwika chikapezeka, chikakonzedwe mu database, fayilo itulutsidwenso. Ndikudziwa kuti pa tsiku la malipiro, magetsi atazima theka la tsiku ndipo anthu akudikira panja, kubwerera ku database kumaoneka ngati kuchedwetsa. Komabe kukonza dzina limodzi mu fayilo n'kuseva ndi kumene kumaononga mizere 800 nthawi imodzi. Ndipo potumiza, lembani mawu ochepa m'kalata yoperekeza: kolamu iyi ndi iyi ndi malemba, nambala ya foni ili ndi madijiti 10, mizere yonse ilipo mwakuti. Zimene fayilo singathe kunena yokha, anene ndi munthu.

Nanga ngati ziro wapita kale? Choyamba funani fayilo yoyambirira, mu imelo imene inabwera nayo kapena mu database, chifukwa kutulutsanso n'kwabwino kuposa kukonza. Ngati palibe, onani mtundu wa nambalayo. Manambala a mafoni a m'manja kuno kwathu onse ali ndi madijiti 10 ndi ziro mmodzi kutsogolo, ndiye kubwezeretsa n'kotheka: mu Excel fomula ya TEXT yokhala ndi maziro 10 imadzaza malo osowawo, mu database LPAD imachita zomwezo. Musanatero, werengani kutalika kwa nambala iliyonse, mupatule zonse zimene sizili ndi madijiti 9, chifukwa pakati pake pamakhala manambala a landline, a kunja kwa dziko, ndi ena amene analembedwa molakwika kuyambira kale. Makhodi a kasitomu nawonso amabwezeretseka ngati mukudziwa kuti mndandandawo unali wa madijiti 6 kapena 8.

Koma pamene kutalika kwa manambala kumasiyanasiyana, monga maakaunti a mabanki osiyana kapena manambala a mamembala amene anaperekedwa m'zaka zosiyana, musayerekeze kudzaza maziro mongoganiza. Simungadziwe ngati 457 anali 0457 kapena 00457, ndipo ngati onse awiri analipo, mbiri ya anthu awiri yalowa pa nambala imodzi: ngongole ya uyu yapita kwa uyo, zotsatira za magazi za wodwala wina zakhala pa dzina la mnzake. Zikafika pamenepa kompyuta ilibenso chothandiza. Muyenera kutsegula mabuku a pepala, kufananiza dzina ndi dzina, mudzi ndi mudzi, ndipo pamene mabuku sakuyankha, kuitana eni ake abwere ndi makhadi awo.